Achoso amadzadza mmawa, masana duwa louma: ndi mbalame zamaliza kapena mtengo watseka wokha?

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Kasungu, chakwa Santhe. Akuti: "Ndimalima fodya ndi soya, komanso ndili ndi ming'oma ingapo ya njuchi. Kuseri kwa nyumba kuli mtengo wa muwale ndi alovera wamtchire amene anadzala mayi akunyumba. Maluwa akayamba kumacha kuli achoso ndi apumbwa mbwee, koma dzuwa likafika paliwombo kuli zii. Ana akathothola duwa mmawa nkuyamwa amati muli timadzi tozuna, masana amati mwauma. Kodi ndi mbalame zimamaliza kapena mtengo umatseka wokha? Nanga mbalamezi sizikulanda njuchi zanga chakudya?"

Bambo, zonse ziwiri zikuchitika, mbalame zikumwa inde komanso mtengowo sutulutsa timadzi mofanana tsiku lonse. Koma ine chimene ndikufuna mugwire ndi ichi, mtengo ndi woumira dala. Timadzi timene ana anu akuyamwato ndi malipiro a ganyu, ganyu yake yonyamula mungu kuchoka pa duwa la mtengo uwu kukausiya pa duwa la mtengo wina, ndipo inu ngati mlimi mukudziwa kuti waganyu ukamulipira zonse mmawa asanagwire khasu ndekuti mzere sautha. Mtengo nawonso umapereka tokwanira kuti mbalame ibwere koma tosakwanira kuti ikhute pamalo amodzi nkukagona. Zonse ndifotokoze pansipa zikuchokera pamenepa.

Tiyambe ndi kumene timadziti timachokera. Mukang'amba duwa la muwale kapena la alovera mpaka pansi penipeni pamene lalumikizana ndi kaphesi, pali kamnofu kakang'ono konyezimira, kameneko nde kamene kamatulutsa timadzi. Shuga wake amapangidwa mmasamba dzuwa likamawala nkumatsetsereka mtimitsempha ta mtengo, ndipo mmaluwa ambiri shuga ameneyu satuluka pompo, amayamba wasungidwa kaye mkamnofu kaja ngati sitachi kwa masiku angapo duwa lisanamasule. Duwa likatsala pang'ono kumasula sitachi uja amaphwanyidwa kubwerera ku shuga nkumatulutsidwa. Pa mitundu ina ya fodya wamaluwa amene asayansi amagwiritsa ntchito mu labu izi zimaoneka ndi maso, kamnofu kamayamba kobiriwira nkusanduka kaolenji duwa likamakhwima. Nde taganizani za muwale wanuwo, umachita maluwa nthawi ya chilimwe uli mbulanda opanda tsamba olo limodzi, kutanthauza kuti shuga yense amene achoso akumwa ndi wa mnkhokwe, amene mtengo unasunga mthunthu ndi mmizu nthawi ya dzinja. Mtengo wotero sungamwaze chisawawa.

Ndipo zimene chomera chimawononga popanga timadzi si zamasewera. Mu 1984 katswiri wina wa ku America, Edward Southwick, anayeza chomera china chakumeneko chotchedwa Asclepias syriaca nkupeza kuti nthawi ya maluwa chimatha kuthira mpaka 37 peresenti ya shuga amene chapanga tsiku limenelo ku timadzi basi. Mu 1991 Graham Pyke ku Australia anachita ina yosavuta koma yanzeru, ankapopa timadzi mmaluwa a Blandfordia nobilis tsiku ndi tsiku, maluwa aja nkumatulutsa tina kubwezeretsa, koma pamapeto pake anabereka njere zochepa kuyerekeza ndi amene sanawapope. Mwaonatu, chimene chapita ku mbalame chachotsedwa kwa ana a mtengowo.

Tsono mpope wake umatsegulidwa bwanji? Mu 2014 asayansi anapeza kapuloteni kotchedwa SWEET9 kamene kamakhala pa khoma la timaselo ta kamnofu kaja, ntchito yake kutulutsa shuga kunja, ndipo atakazimitsa mu zomera zina timadzi tinasiya kutuluka. Shuga akatuluka amakoka madzi kumutsatira, mmene mchere umakokera madzi mu ndiwo zamasamba. Pamenepa pali kanthu kena kokoma. Shuga wathu wa mu tiyi uja, sukulosi, kwenikweni ndi tizidutswa tiwiri tolumikizana, gulukosi ndi fulukitosi, nde pali enzaimu, puloteni yogwira ntchito ngati lumo, yotchedwa invertase imene imamudula pakati. Akadulidwa tizidutswa timachuluka kawiri ndipo timakoka madzi ambiri. Kutanthauza kuti ndi lumo limodzi lomweli duwa limatha kusintha zinthu ziwiri, mtundu wa shuga komanso kuchuluka kwa madzi. Za nthawi yotsegula zimayendetsedwa ndi mahomoni a chomera, makamaka jasmonate ndi auxin, pamodzi ndi wotchi ya mkati mwa chomera imene imatsatira kucha ndi kuda. Jasmonate ndi yemweyo amene amakwera tsamba likalumidwa ndi mbozi, chomera chimagwiritsa ntchito belu limodzi pa nkhani ziwiri zosiyana.

Nde za mmawa zija. Mbalame yaying'ono ngati choso, imene yambiri sifika ndi magalamu 20 omwe, imagona ndi njala usiku onse makamaka mu June ndi July kukuzizira, kukacha imadzuka thanki ili pa ziro. Maluwa ambiri amene amadalira mbalame amakhala atadzadza nthawi imeneyo, ena chifukwa amatulutsa kwambiri mbandakucha, ena chifukwa choti usiku onse timadzi timangounjikana popanda wakumwa. Mbalame zikagwapo zimapopa tonse, kenako duwa limabwezeretsa koma pang'onopang'ono, nde ana anu akafika masana amapeza dontho limene latsala ndi laling'ono moti lilime silimva. Onjezanipo dzuwa la Kasungu la mu September ndi October, mpweya ouma gwaa, madzi amauluka nkutsala shuga wonata kukhoma la duwa, komanso mtengo ukamva ludzu masana umachepetsa wokha kutulutsa. Ndipo mbalame nazo masana zimakabisala pamthunzi, zina nkumasaka akangaude ndi tizilombo. Fananizani ndi mvunguti kapena mlambe, amenewo waganyu wawo wamkulu ndi mleme, nde maluwa ake amamasula madzulo, timadzi ndi fungo zonse usiku, kukacha maluwa a mvunguti muwapeza ali pansi mbuzi zikutola.

Pali china chimene anthu ambiri amadabwa nacho, maluwa ena amayamwanso timadzi tawo tomwe. Duwa likakalamba kapena mungu ukafika kale, shuga amene watsala amabwezedwa mkati kuti akathandize kukulitsa njere. Enanso amachita zimenezi duwa lili lamoyo ndithu, kutulutsa uku akuyamwa uku, kuti timadzi tisakhale phala dzuwa likaumitsa. Si maluwa onse amatha izi koma alipo ambiri ndithu.

Tibwere ku kukoma kwake, apa nde pali nkhani. Timadzi ta maluwa a njuchi timakhala tozuna kwambiri, kawirikawiri shuga kuyambira cha mma 35 peresenti kupita mmwamba, pamene ta mbalame ndi tamadzimadzi. Akatswiri awiri a ku South Africa, Steven Johnson ndi Susan Nicolson, mu 2008 anasonkhanitsa miyezo ya maluwa mazanamazana a ku Africa ndi ku America nkuona kuti maluwa a mbalame ali pawiri. Amene amadalira mbalame za milomo yaitali zodziwa ntchito ngati choso amapereka tochepa, mamaikulolita 10 mpaka 30 pa duwa, shuga 15 mpaka 25 peresenti, ndipo sukulosi amakhalamo wambiri. Kuti mumve bwino, dontho limodzi la madzi ndi mamaikulolita pafupifupi 50, nde duwa lonse silikwana ndi dontho lomwe. Pamene amene amaitana aliyense, apumbwa, atchete ndi ena a milomo yaifupi, amapereka tambiri, 40 mpaka 100, koma tosungunuka zedi, shuga 8 mpaka 12 peresenti, chimodzimodzi Fanta basi, ndipo sukulosi amakhala atadulidwa pafupifupi yense. Chifukwa china ndi mmimba mwa mbalamezo, pali mabanja ena a mbalame amene alibe enzaimu yogaya sukulosi, akamwa amatsegula mmimba, nde duwa lofuna makasitomala onse limadula shugayo pasadakhale.

Muwale wanu uli mbali imeneyi ya aliyense, nchifukwa chake mukuona apumbwa osati achoso okha. Abale ake a muwale ambiri a ku America amatumikiridwa ndi timbalame ta hummingbird, timene timamwa tikuuluka malo amodzi osatera, nde maluwa ake amaloza kunja ndipo timadzi take ndi ta sukulosi. A kuno ku Africa mbalame zake zimafuna potera, nde maluwa amakhala moti mbalame itagwira kanthambi imafikira bwinobwino. Ndikumbutse apa, hummingbird kuno kulibe, ndi wa ku America yekha, olo mumuone pa TikTok akufanana ndi choso wathu si pachibale, anangofanana chifukwa cha ntchito imodzi. Choso amatha kuima mmalere pang'ono koma amakonda kutera.

Nanga bwanji timadzi ta mbalame tili tamadzimadzi? Akatswiri amapereka zifukwa zingapo ndipo ine ndimaona kuti zonse zili ndi mbali yake. Lilime la choso ndi kapaipi kopyapyala, tinthu tonata sitikwera msanga, nde tosungunuka timalowa mwachangu. Kwinaku njuchi sizikonda kwenikweni tosungunuka chifukwa uchi umafunika kufika shuga pafupifupi 80 peresenti, kuti ziumitse madzi onsewo mumng'oma ndi ntchito yakalavulagaga. Komanso nthawi ya chilimwe madziwo paokha ndi malipiro, pumbwa akamwa pa alovera mu August wamwa tiyi ndi madzi omwe. Choso akakhala pa timadzi tosungunuka amatha kumwa kuposa kulemera kwa thupi lake kangapo pa tsiku limodzi, nchifukwa chake mukaima pansi pa mtengo wotero mumamva timadontho tikukugwerani, si mvula imeneyo bambo.

Ndiye poti ndinu mlimi wa fodya imvani iyi. Nikotini sakhala mu tsamba mokha, amapezekanso pang'ono mu timadzi ta duwa la fodya. Gulu la Ian Baldwin la ku bungwe la kafukufuku la Max Planck Institute ku Germany linachita kafukufuku mchipululu cha Utah ku America pa fodya wamtchire wotchedwa Nicotiana attenuata, zotsatira zake zinatuluka mu 2008. Anapanga zomera zina zopanda nikotini, zina zopanda kafungo koitanira, nkuziika kutchire. Zopanda nikotini mbalame ndi agulugufe ausiku ankakhalitsa pa duwa limodzi nkumwa tambiri, pamene zokhala ndi nikotini ankangolawa pang'ono nkuthawira pa duwa lina, ndipo zomera zimene zinali ndi zonse ziwiri, fungo ndi kuwawa, ndi zimene mungu wake unabereka bwino ndi zinzake. Ndekuti duwa limaitana ndi dzanja ili nkuthamangitsa ndi linali. Fodya wanu wa kumunda nkhani yake ndi ina, ameneyo duwa lake limatha kudzipatsa lokha mungu komanso inu mumadula nsonga maluwa asanapite patali kuti mphamvu ipite ku tsamba, zimene zikungotsimikiza zomwe ndanena zija kuti maluwa amadya chuma cha chomera. Koma pa mapesi amene mwasiyira mbewu kapena amene aphukira mukatha kuthyola, kaimeni mmawa muone amene amabwerapo. Mu timadzi ta fodya wamaluwa munapezekanso mapuloteni amene amapanga hydrogen peroxide, mankhwala omwe aja otsukira mabala, kuti tizilombo ndi yisiti zobwera ndi milomo ya alendo zisawoletse duwa.

Ku South Africa kuli alovera wina, Aloe vryheidensis, amene anapita patali kuposa apa. Timadzi take ndi takuda ngati khofi komanso towawa, njuchi zikalawa zimatisiya, achoso nawonso safuna, koma apumbwa ndi timbalame tina ta milomo yaifupi timamwa osadandaula. Ndipo ndi amenewo amene mtengowo ukuwafuna, chifukwa duwa lake ndi lalifupi lotseguka, pumbwa akamamwa nkhope yonse imadzola mungu pamene choso ndi mlomo wake wautali akanangomwa patali osakhudza kanthu.

Akuba aliponso. Choso yemweyo akapeza duwa lalitali kuposa mlomo wake amaboola mmbali chapansi nkumwa osakhudza mungu, mukayang'anitsitsa maluwa a hibisikasi a pakhomo mupeza timabowo kapena ting'alu pafupi ndi kaphesi. Njuchi zikuluzikulu zakuda zoboola mitengo zija nazo zimachita zomwezo. Maluwa ambiri a mbalame nchifukwa chake ali ndi khungu lokhuthala chapansi.

Koma chimene chimandisangalatsa ine kuposa zonse chili mtchire mwathu momwemu, ku Kasungu National Park ngakhale mmitengo ya mmunda. Mukudziwa tizomera tija timene timamera pa nthambi ya mtengo wina nkumayamwa madzi ake, timaluwa take ngati timitengo ta machesi tofiira kunsonga, zipatso zake zonata zija. Mitundu yambiri ya timeneti duwa silimasula lokha ayi. Limakhwima nkusintha mtundu kunsonga koma lili chitsekere, timadzi tili mkati motetezeka, dzuwa silingaumitse, njuchi singalowe. Choso akabwera amatsina nsonga kapena kulowetsa mlomo pa kamng'alu ka mmbali, duwa lija nkuphulika phwaa, mungu onse pamphumi. Iye amamwa nkupita pa lina nkukasiya mungu uja. Mbalame yokhayo yodziwa kutsegula ndi imene imadya. Mukakhala ndi nthawi tengani kaudzu kolimba mulowetse pa duwa lokhwima mudzaona nokha.

Kuumira kwa maluwaku kumalamulira mpaka khalidwe la mbalame. Mu 1975 Frank Gill ndi Larry Wolf anafalitsa kafukufuku wa ku Kenya pa choso wina wa mapiko achikasu amene amamwa pa Leonotis, chomera cha maluwa aolenji osanjikizana mmibulu pa phesi, chimene abale ake amamera ngati tchire mmbali mwa minda kuno kwathu. Anapeza kuti mbalame imodzi imalondera dera lokhala ndi maluwa pafupifupi 1,600, kaya deralo ndi lalikulu kaya laling'ono, chifukwa ndi amene amakwana chakudya cha tsiku. Maluwa akakhala ndi timadzi tambiri paliponse imasiya kulondera, ndewu ilibenso phindu. Nde mukaona choso wamphongo wa chifuwa chofiira uja akuthamangitsa anzake pa muwale si nkhanza chabe, akuteteza maluwa kuti adzadzenso asanamwedwe ndi wina. Koma kwa mtengo zimenezi si zabwino kwenikweni, mbalame yokhala pamtengo umodzi tsiku lonse imangozunguza mungu pakhomo pomwepo, amene amathandiza kwambiri ndi othamangitsidwa aja amene amaba pang'ono nkuthawira ku mtengo wina.

Tsopano za njuchi zanu. Gonani tulo bambo, achoso sakukulandani uchi. Maluwa a mbalame ambiri ndi ofiira kapena aolenji, mtundu umene njuchi siuona bwino, alibe fungo loti liitane njuchi, ndi aatali ngati kapaipi, timadzi take nkukhala tosungunuka. Uchi wanu weniweni umachokera ku mitengo ya tchire la miombo, atsamba, amombo ndi anzawo, kuphatikiza bulugamu, mango, mpendadzuwa ndi maluwa a mmunda. Sindikunena kuti njuchi sizipita pa alovera, zimapita ndithu makamaka kukatenga mungu, ndipo ku South Africa alimi a njuchi amasamutsira ming'oma dala kumene kuli alovera wina wotchedwa Aloe davyana nthawi yozizira kuti njuchi zichulukane. Nde alovera wa mayiwo akuthandiza mbali zonse, musamuzule. Amene akukulandani uchi ndi nkhwangwa ya makala ndi nkhuni zochizira fodya, moto wolusa wa mu September, chiuli, nyerere, ndi mankhwala opopera mbewu zili pa maluwa. Ngati mpofunika kupopera soya poperani madzulo njuchi zitalowa. Achoso amadyanso tizilombo ting'onoting'ono ndi akangaude, ana awo amawalera ndi zimenezo osati timadzi tokha, nde mmunda ndi abwenzi.

Ena amafunsa za kuika madzi a shuga mbotolo kuti mbalame zizibwera. Zimatheka, muyezo wake ndi kapu imodzi ya shuga woyera ku makapu anayi a madzi, osaika uchi, osaika kala, nkumatsuka pafupipafupi chifukwa kukatentha zimasasa msanga. Koma kwa inu wa ming'oma ine ndikuti ayi, botolo limenelo lidzadzadza njuchi ndi nyerere, komanso ndi mtengo wa shuga wa masiku ano mayi akunyumba sangakumvetseni. Bola kuthirira alovera ndi maluwa enawo ndi madzi otsukira mpunga kapena ndiwo, opanda sopo, chifukwa chomera chimene sichikumva ludzu chimatulutsa timadzi tambiri. Muwale umaphukanso mosavuta mukadzala nthambi yake ngati mpanda.

Ndipo funso lanu loyamba lija mukhoza kuliyesa nokha ndi anawo, sizifuna labu. Madzulo sankhani magulu awiri a maluwa ofanana msinkhu pa alovera kapena pa nthambi yotsika ya muwale, samalani minga. Gulu limodzi likutireni ndi kansalu kopyapyala kolowa mpweya ngati ka katani yakale nkumanga pansi kuti mbalame ndi nyerere zisalowe, musagwiritse neti ya udzudzu chifukwa ili ndi mankhwala opha tizilombo. Linalo lisiyeni pamtunda. Mawa lake cha mma 6 thotholani maluwa awiri atatu mbali iliyonse, mufinyire pa mbale yoyera kapena pa pepala muone kukula kwa dontho, mubwerezenso cha mma 10, cha mma 1 masana ndi madzulo. Ngati lokutira lili ndi timadzi masana pamene lapamtunda lauma, ndekuti ndi mbalame zikumaliza. Ngati lokutira nalonso lachepa kapena langosanduka lonata, ndekuti ndi dzuwa ndi mtengo omwe. Mukafuna kuona kubwezeretsa kuja musathothole, popani ndi sirinji yaying'ono yatsopano yopanda singano kapena kansonga ka pepala lofewa, mukutirenso, mubwere pakatha maola atatu. Anawo auzeni alawe timadzi tokha, njere zofiira za muwale zija asaike mkamwa, zili ndi poizoni.